Tikufuna kumapalasira limodzi kupita ku ntchito m'tauni, tiyambire pati?

Wakutsidyakwadambo

Moni nonse. Ndikufuna nzeru kwa amene anayendapo ulendo wotere.

Ndimakhala m'mudzi wina kupitirira Chigwirizano, mbali yolowera ku Malingunde, ndipo ndimagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira ku Malangalanga. Kale ndinkakwera kabaza mpaka pa Chigwirizano, kenako minibasi. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023, petulo n'kufika pa K2,530, ndinaona kuti ndikungogwirira ntchito makondakitala. Kusowa kwa mafuta kwa kumapeto kwa 2024 ndiye kunandimaliza: kuima pa siteji ola lathunthu, minibasi n'kubwera itadzaza kale. Ndinatulutsa njinga ya Humber ya malemu bambo anga imene inkangodya dzimbiri kuseri kwa nkhokwe, n'kukaikonzetsa. Ndi makilomita ngati 18, pafupifupi theka ndi fumbi, kwinako tala kudutsa Likuni ndi Chinsapo. Ndikapanda vuto panjira ndimatha ola limodzi ndi mphindi 20.

Chandiutsa ndi ichi. Tisanafike pa msewu waukulu pali dambo, kamlatho ka mitengo, ndi mabulugamu mbali zonse. Pamenepo umatsika ndithu n'kukankha. Mwezi watha mnzathu wina, mmisiri womanga nyumba, anyamata atatu anamutchingira pomwepo cha m'ma 5 koloko m'mawa, zikwanje zili m'manja. Anamulanda njinga, foni, ndi nsapato zomwe. Anabwerera kumudzi chosavala kumapazi, ndipo mpaka lero akuyenda wapansi kukakwera minibasi ya ngongole.

Ndiye tinakhala pansi Lamlungu titaweruka ku tchalitchi. Tilipo asanu ndi awiri: ine, mmisiri uja, anyamata awiri onyamula katundu mu msika, bambo wina wa pa galaja, ndi amayi awiri, wina amakonza m'maofesi ku Area 3, wina amagulitsa m'golosale ku Chinsapo. Tonse tagwirizana kuti kuyenda awiri si mantha. Koma titangofika pa nthawi yonyamukira, msonkhano unasanduka phokoso. Wina akuti 4:30, wina akuti 5:30, wina akuti tizidzutsana khomo ndi khomo. Anyamata aja akuti sangamadikire amayi. Wina akuti tizisonkha ndalama za zigamba ndi machubu.

Munthu akachedwa timudikire mpaka liti? Tayala likaphwa panjira tonse tiime? Za thumba la ndalamazi n'zanzeru? Nanga Juni akubwerayu, kumacha mochedwa, tidzatani?

Madala a ku Lumbadzi

Mwana wanga, ine ndapalasa zaka zisanu ndi zinayi kuchokera kuseri kwa Lumbadzi kupita ku Kanengo nyengo ya fodya. Tinalipo khumi ndi awiri. Ndikuuza zimene zinatisunga ndi chimene chinatibalalitsa.

Zodzutsana khomo ndi khomozo zisiyeni lero lomwe. Ife tinayamba choncho. Umafika pakhomo pa munthu, uimba belu, agalu akuuwa, mwini wake akuyankha ali m'bulangete kuti “ndikubwera”, kenako akuyamba kufunafuna nsapato. Makomo asanu otere, dzuwa latuluka. Sankhani malo amodzi, akhale musanafike pa dambolo, pamene pamakhala munthu usiku. Ife tinkakumana pa chigayo chifukwa panali mlonda ndiponso kamoto. Nthawi ikhale imodzi, ndipo wotchi ikhale ya munthu mmodzi. Musamati “yanga ikuti kwatsala mphindi zitatu”. Ikakwana, mwendo pa pedulo.

Kudikira n'kumene kumadya chibale. Ukadikira munthu lero mphindi zisanu, mawa amabwera atachedwa khumi, poti akudziwa kuti mulipo. Tsiku limene abwana akudulani malipiro chifukwa cha iye, simulankhulananso. Ife masiku amenewo mafoni anali a anthu owerengeka, ndiye tinali ndi chidutswa cha njerwa pa chitsa cha pachigayo paja. Tikamanyamuka, wotsiriza ankachigwetsera pansi. Wochedwa akapeza njerwa ili pansi ankadziwa kuti anthu apita, asataye nthawi. Inu muli ndi mafoni, ingofulashanani, koma lamulo likhale lomwelo. Ndipo wochedwayo asalowe yekha m'dambomo pothamangira gulu. Kwanuko kumadutsa amakala ochokera ku Dzalanyama m'bandakucha, amayenda m'magulu. Awadikire, awoloke nawo. Ndi bwino kukalipidwa ku ntchito kusiyana n'kukasokedwa mutu kuchipatala.

Nthawi yonyamukira musaikambe ngati za ndale. Funsani amene amalowa ntchito m'mawa kuposa onse, ndi amene amapalasa pang'onopang'ono kuposa onse. Muwerengere chobwerera m'mbuyo kuchokera pamenepo, muwonjezere mphindi 20 za tsoka. Nambala imene ituluke ndi imeneyo.

Panjira, wofooka atsogole, wamphamvu atseke kumbuyo atanyamula pampu. Mukasiya anyamata anu a mumsikawo patsogolo, pofika pa Likuni mudzapeza kuti mulibe gulu, muli mzera wa anthu oyenda okhaokha. Pa tala ndiye mzera umodzi, kumanzere kwenikweni, osayenda awiriawiri mukucheza za mpira. Siyanani mpata wokwana njinga ziwiri, kuti wapatsogolo akazemba dzenje wam'mbuyo alione. Lole ikamadutsa imakoka ndi mphepo yake, makamaka ngati wanyamula katundu pa keliyala. Pa M1 paja ife tinkangotsikira m'fumbi tikamva hutala yaikulu. Palibe mphotho ya kulimbirana msewu ndi thilaki.

Tayala likaphwa, atsale awiri, mwini wake ndi wotseka kumbuyo uja. Enawo azipita. Pokhapokha ngati laphwera pamalo oipa paja, pamenepo nonse mukankhe mpaka mutatuluka.

Tsopano thumba. Ife gulu lathu silinaphedwe ndi achifwamba, kapena mvula. Tinkasonkha pakutha pa mwezi, msungichuma anali munthu wabwino, mkulu wa mpingo. Chaka china mlamu wake anasowa ya feteleza, iye n'kumubwereka zathu zija mwakachetechete, akuti adzabweza akagulitsa fodya. Chaka chimenecho fodya anagulidwa motchipa. Tsiku lina mnzathu anathyola foloko, tikuti tiyeni tithandize, thumba lili mbee. Mawu amene analankhulidwa pachigayo m'mawa umenewo sindingawalembe pano. Kuyambira tsiku limenelo tinayamba kuyenda magulu atatu osapatsana moni. Ngati mufuna kusonkha, sonkhani lero, mugule lero lomwelo pampu, guluu, zigamba ndi sipanala, aliyense aone ndi maso. Ndalama isagone m'nyumba ya munthu.

Wokonza njinga patsinde pa mango

Madala anena zoona zokhazokha, ine ndingowonjezera za chitsulo chenichenicho, poti anthu ngati inu ndi amene mumandidzutsa m'mawa.

Musanagule pampu ya gulu, ikani njinga zonse pamodzi muone mavavu. Humber yanuyo ndi ya matayala a saizi 28 ndipo vavu yake ndi yakale ija ya kamphira. Anyamata a mumsikawo ndikukhulupirira ali ndi za magiya zakaunjika, za 26, zambiri vavu yake ndi yonga ya galimoto. Ndaonapo anthu asanu ataima mozungulira njinga, pampu ili m'manja, koma siikulowa. Chimodzimodzi chubu chapadera: cha 26 sichithandiza wa 28.

Za minga za m'njira zafumbi, tengani tayala lakale lotha, mudule waya wa m'mbali, mulilowetse mkati mwa tayala labwinolo kenako chubu. Njinga imalemerako pang'ono koma mudzaiwala kumata. Ndipo popani mokwanira. Machubu ambiri amene ndimamata sanabooledwe ndi minga, analumidwa ndi limu pa mwala chifukwa mpweya unali wochepa. Ukaona timabowo tiwiri toyandikana, ndi zimenezo.

Achimwene, pa Humber yanuyo yang'anirani zinthu ziwiri. Kotapini, kachitsulo kogwira mkono wa pedulo kaja, ikayamba kugogoda musaidikire, isintheni Loweruka lomwelo, apo ayi imakuza bowo ndipo mudzagula zodula. Chachiwiri mabuleki. Amenewo a ndodo pa limu yachitsulo, mvula ikangonyowetsa sagwira msanga, umafinya njinga ikupitabe. Wam'mbuyo mwanu azidziwa zimenezo, ndipo inunso musamayende moyandikira wa njinga ya Buffalo, chifukwa ija imaima ndi pedulo ndipo mvula siisokoneza kwenikweni. Mudzamulowa kumbuyo.

Oyilo wakuda wa pa galaja pa tcheni nyengo ya fumbi ino, pang'ono chabe, kenako mupukute ndi sanza. Mukathira wambiri amagwira mchenga n'kumadya tcheni ndi fuliwilo ngati tupa.

Za mdima wa Juni: tochi ya kutsogolo mumangirire pa handulo ndi mphira ya chubu chakale, koma chimene chimapulumutsa moyo ndi cha kumbuyo. Woyendetsa galimoto amene akukuwombayo amachokera kumbuyo. Wotseka mzera avale chovala chonyezimira chija cha akabaza. Amene alibe lifulekita, ngakhale CD yakale kumangirira pansi pa chishalo imathandiza.

Nachisale wa ku Dowa

Pepani madala, ndikupatseni ulemu wanu, koma pali pamene ndasiyana nanu pang'ono. Mwati wofooka atsogole. Aliyense amene wawerenga pamenepo waganiza za amayi awiri aja. Ine ndine mphunzitsi, ndapalasa zaka zisanu kupita ku sukulu ina ya kumudzi kuno, zitunda za ku Dowa mukuzidziwa. Pagulu lathu amene ankatsalira anali bambo wina wosuta fodya, osati ife. Mayi amene wakula akupalasa ndi thumba la chimanga kupita ku chigayo musamuyese. Yendani kaye sabata imodzi muone amene akupuma movutikira pachitunda, osangoloza chala.

Koma zimene zimavuta amayi pa ulendo wotere n'zina, ndipo abambo simuziona.

Mukati tinyamuke 4:45, inu mumadzuka 4:30, kusamba kumaso, kutenga njinga. Mayi uja wadzuka 3:30. Wakoleza moto, waphika phala, wasita yunifolomu za ana, watereka madzi a bambo. Akachedwa mphindi zitatu musamuyang'ane ngati waulesi. Sindikuti muzimudikira, lamulo la madala likhale, koma poika nthawiyo mufunseni iyeyo poyamba.

Chachiwiri ndi pakamwa pa anthu. Mayi wapabanja kutuluka mdima ulipo, kukakumana ndi amuna a eni pachigayo, tsiku ndi tsiku. Sipatha mwezi nkhani isanafike pa mjigo. Kwathu kuno mnzanga wina anasiya, osati chifukwa chotopa, koma apongozi ake anafunsa kuti kodi ku sukuluko amapita ndi ndani usiku. Ndiye msonkhano wanu wotsatira muitane amuna awo, akazi anu inunso abwere, mukhale pabwalo masana aliyense akuona. Mukawauzenso a nyakwawa. Iwo akadziwa, nkhani ya dambo ija imakhalanso yawo, mwina angauze achitetezo a m'mudzi kuti azizungulirako, kapenanso kulamula kuti tchire la pakamlathopo lisengedwe.

Chachitatu, chitenje. Ine chinandigwetsa. Ndinkatsika kachitunda, mphepo inachikweza, nsonga yake inalowa m'masipoko a kumbuyo. Ndinangomva chikundikoka m'chiuno, njinga n'kuima nji, ine ndili pansi, bondo lachita kusupuka, mabuku a ana ali mbwee m'fumbi. Kuchichotsamo tinachita kudula ndi lezala. Chiyambire pamenepo ndimavala buluku mkati, chitenje ndimachimanga chachifupi, ndikafika ndimamasula n'kuvala bwinobwino. Malaya a ku ntchito m'jumbo pa keliyala, ndi kansalu konyowa kopukutira. Mayi wa m'maofesi ku Area 3 uja sangalowe ali thukuta kamukamu, fumbi lofiira mpaka m'nsidze. Mphindi zake zosinthira muziwerengere.

Ndipo nonse mukukamba za m'mawa. Nanga pobwerera? M'mawa mumanyamuka malo amodzi, madzulo aliyense amaweruka nthawi yake. Mu Juni dzuwa limalowa 5:30 isanakwane, wa m'golosale uja akamatseka kunja kuli bii. Tsiku lolandira malipiro ndiye loopsa, ndipo anyamata a zikwanjewo kalendala amaidziwa. Pangani magulu awiri obwerera, lina la oweruka msanga, lina la ochedwa, muzikumana pa Chigwirizano pomwe pali magetsi ndi anthu. Ndalama ya malipiro ikhale mu foni, Mpamba kapena Airtel Money, osati m'sokosi.

Mnyamata wa Lifo

Aise, zonsezi bwanji? Anthu asanu ndi awiri, pangani chipereganyu mugule njinga yamoto imodzi kapena ziwiri, muzinyamulana. Mphindi 30 mwafika, osatuluka thukuta. Masana ina izigwira kabaza, izibweza yokha ndalama. Zopalasa zinapita ndi agogo.

Wakutsidyakwadambo

Achimwene, njinga yamotoyo imamwa chomwe chinatithamangitsa ku minibasi chija. Mafuta atasowa, anzanu ankagona pa mzera ndi zigubu, ine ndikudutsa pa Humber. Komanso anthu asanu ndi awiri pa Lifo imodzi, mukufuna tikakumane ku Kamuzu Central? Tikadzalemera tidzakuitanani.

Madala, amisiri a njinga, ndi inu mayi Nachisale, zikomo kwambiri. Za pobwerera zija sitinaziganizire n'komwe, manyazi andigwira.

Mlonda wausiku

Ine ndimayenda mosemphana nanu, inu mukamapita ine ndikubwerera kokagona, msewu womwewo wa Likuni. Ndingokuuzani zimene ndimaona.

Malo oipa pa tala si kumudzi ayi, ndi pamene mwayandikira tauni. Pa Chinsapo minibasi imaima paliponse pamene kondakitala waona munthu, osapereka chizindikiro, ndipo chitseko chili kumanzere, mbali yanu yomweyo. Wotsika amakutulukira pamaso. Pa raundabauti ya bypass musalowe ngati unyolo poganiza kuti wapatsogolo akalowa ndiye nonse mwaloledwa. Aliyense aziyang'ana yekha kumanja kwake, mukadikirane kutsidya.

Kumudziko, mukapeza masamba pamsewu tsikani nonse, mukankhe mpaka mutadutsa masamba achiwiri, zipewa m'manja. Munthu mmodzi akadutsa pamaliro ali pa chishalo amati ndi mwano wa iyeyo. Gulu likatero amati ndi mwano wa mudzi wanu wonse, ndipo ndi anthu omwewo amene mudzawafune tsiku limene mwagwa. Chimodzimodzi nyengo ya gule ikafika, mukakumana ndi zilombo panjira patukani, muime, kandalama kakang'ono kakhale pafupi. Anyamata anu a magiyawo muwauziretu, magazi awo ndi otentha.

Za mvula musadandaule nazo panopa, Disembala ili kutali. Koma dziwani kuti dothi la kudambo likanyowa limamatirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kukana kuzungulira. Kamtengo kokolokosera kazikhala m'thumba. Ena amangochotsa madigadi mvula ikayamba, n'kulolera kufika msana uli ndi mzera wa matope.

Madala a ku Lumbadzi

Mayi Nachisale, ndalandira. Pagulu lathu panalibe mayi ndi mmodzi yemwe, ndiye za phala ndi apongozizo ndaphunzira lero. Koma pa kudikira pokha sindisuntha.

Wakutsidyakwadambo

Ndabweranso patatha masabata awiri, kuti amene munatithandiza mumve.

Tinakhala pabwalo la a nyakwawa, amuna a amayi aja anabwera, mayi a kunyumba kwanga anabweranso. Bambo mmodzi anangokhala duu msonkhano wonse, pamapeto n'kunena kuti mkazi wake aziyenda nafe koma iye azimuperekeza mpaka pokumanira. Amaterodi, amabwera atafunda bulangete, tikanyamuka iye n'kubwerera kukagona. Tchire la pakamlatho linasengedwa Loweruka, anyamata a m'mudzi anathandiza, tinawaphikira thobwa.

Tikukumana pakhonde la golosale ina imene ili ndi babu la sola, kunyamuka 5:00 pa wotchi ya mayi wa ku Area 3, poti ndi amene amalowa 7 koloko. Tsiku lachitatu ndinachedwa ndine, mwini nkhani. Mwana anadwala usiku. Ndinafika 5:06 ndikupeza pakhonde pali galu yekha. Mtima unandipweteka, osanama, ndinaima pamenepo ndikutukwana chamumtima lamulo limene ndinalilimbikitsa ndekha. Ndinadikira amakala monga ananenera madala. Anabwera asanu ndi mmodzi, matumba atatuatatu, ndinawoloka nawo. Mmodzi anandipempha kuti ndimugwirire njinga pachitunda, ndinafika ku sitolo manja ali bii.

Wotsalira pachitunda, mayi Nachisale, ndi bambo wa pa galaja. Ndiye amene akutsogola tsopano, ndipo akuti akutsogola chifukwa ndi wamkulu. Tangomusiya.

Anyamata a mumsika aja, mmodzi wakhazikika, ndi amene akutseka kumbuyo ndi chovala chonyezimira, akuoneka kuti udindowo ukumukomera. Winayo amawoloka nafe dambo, tikangoponda tala pa Chigwirizano ndi uyo, wapita. Sitikumuletsa. Pobwerera ndiye pakadali chisokonezo, gulu lachiwiri limangokhala la anthu awiri, mayi wa m'golosale ndi ine, ndipo mwamuna wake uja wayamba kundiyang'ana mwina mwake. Ndapempha wa pa galaja kuti azitidikira pa Chigwirizano tikhale atatu.

Tinasonkha n'kugula tsiku lomwelo pampu, guluu ndi zigamba. Amisiri, munanena zoona za mavavu, tinachita kubwerera ku sitolo kukasinthitsa.

Chatsala ndi mmisiri wolandidwa uja. Panopa tikumunyamula pa keliyala mosinthana, ine Lolemba ndi Lachinayi. Ndi munthu wathupi, ndipo gudumu langa lakumbuyo layamba kuyenda mokhotakhota, masipoko awiri aduka kale. Ena akuti timusonkhere njinga yakaunjika azibweza pang'onopang'ono, ena akukumbutsa za msungichuma wa madala uja. Amisiri a njinga, gudumu la 28 lingapirire munthu wotere mpaka kumapeto kwa Julayi ndikalimangitsa masipoko atsopano, kapena ndikungowononga limu?